Soya Wabwino Ayambira ku Mizu

Mlare ndi dera la m'mbali mwa nyanja, kumwera kwa Boma la Karonga, pa msewu waukulu wa M1. Anthu a kumeneko adalira chinangwa, chimanga, mpunga, nsomba ndi ng'ombe. Soya si mbewu ya makolo awo, pakuti soya wambiri wa dziko lino achokera ku Lilongwe, Mchinji, Kasungu, Dowa, Ntchisi, Dedza ndi Mzimba. Koma masiku ano soya walowa m'nyumba zambiri ku Mlare. Ali mu Likuni Phala amene ana amwa, ali m'ndiwo za m'mapaketi zija anthu azitcha nyama ya soya, ali m'mafuta ophikira, ndiponso ali m'chakudya cha nkhuku. Alangizi a zaulimi nawonso alimbikitsa alimi kubzala soya, chifukwa abwezera chonde m'nthaka ndipo ali ndi msika.

Tsono nkoyenera kuti alimi ndi amayi ophikira ana adziwe chinthu chimodzi chimene akatswiri a mbewu anapeza. Mitundu ya soya siifanana pa katengedwe ka zitsulo zaululu za m'dothi. Mtundu wina utsekera ululu ku mizu, pamene mtundu wina uulola kukwera kufikira m'njere. Kusiyana kumeneku kuchokera m'chibadwa cha mbewuyo.

ZITSULO ZIMENE MASO SAONA

Munthu akamva mawu akuti chitsulo aganiza za khasu, nkhwangwa kapena malata. Koma m'dothi lililonse muli zitsulo zina zosungunuka, zazing'ono kopambana fumbi, zimene mizu imwa pamodzi ndi madzi. Zina mwa izo ndi chakudya chenicheni. Ayironi athandiza magazi, ndipo zinki athandiza mwana kukula ndi kulimbana ndi matenda. Mbewu nazonso sizikula bwino popanda zinki, ayironi ndi manganizi.

Koma zilipo zina zopanda ntchito m'thupi la munthu, zimene zikachuluka zisanduka ululu. Zodziwika kwambiri ndizo mtovu, kadimiyamu, aseniki ndi mekyule. Pa nkhani ya soya, chovuta kwambiri ndi kadimiyamu. Mtovu wambiri umatirira ku dothi ndi ku mizu, ndipo ufika pa chakudya makamaka ndi fumbi. Koma kadimiyamu ayenda mosavuta m'kati mwa mbewu. Iye afanana kwambiri ndi zinki, kotero kuti makomo a mizu amene alandira zinki amulandira iyenso, monga mlendo woipa wolowa pa chipata atavala malaya a mwini mudzi.

Kadimiyamu alibe fungo, samveka m'kamwa, ndipo sasintha maonekedwe a njere. Soya angathe kukhala wonenepa ndi woyera bwino, koma ali naye m'kati. Paja akulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutsuka sikumuchotsa, kukazinga ndi kuphika sikumuthetsa. Akalowa m'thupi akakhala mu impso ndi m'chiwindi, ndipo papita zaka 10 kufikira 30 kuti theka lake lituluke. Chotero munthu sadwala tsiku limene wadya. Ululu uwunjikana pang'onopang'ono, nuwononga impso, nufooketsa mafupa. Munthu woperewera ayironi, makamaka mayi wobereka pafupipafupi, thupi lake litenga kadimiyamu wambiri kuposa la mnzake, ngakhale adye mbale imodzi.

Chifukwa cha ichi maiko anaika malire. Maiko a m'bungwe la European Union salola soya wokhala ndi kadimiyamu woposa mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu imodzi. Pa thumba la makilogalamu 50, ameneyo ndi mamiligalamu 10 okha, osafika ngakhale kulemera kwa njere imodzi ya mpunga. Bungwe la Codex Alimentarius, limene liika miyeso ya zakudya pa dziko lonse, linaika malire a mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu ya mpunga wopuntha.

KODI ZICHOKERA KUTI?

Kadimiyamu pang'ono apezeka m'miyala ndi m'dothi mwachilengedwe, ndipo wotere kawirikawiri savuta. Vuto libwera pamene ntchito za anthu zimuunjika pamalo amodzi. Apezeka wambiri m'miyala ya zinki ndi ya mtovu, ndipo atuluka ndi madzi ndi fumbi lochokera ku migodi yotere. Apezekanso m'miyala ina ya fosifeti imene apangira feteleza, m'phulusa la malasha, m'mabatire ena otchaja, ndi mu utsi wa fodya. Mabatire a galimoto ndi ambiri a magetsi a dzuwa ali ndi mtovu.

Chitsanzo cha pafupi chili ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale kunkatchedwa Broken Hill. Mgodi wa mtovu ndi zinki wa kumeneko unagwira ntchito zaka pafupifupi 90, nutsekedwa mu 1994. Mgodi unatsekedwa, koma fumbi lake linatsala m'mabwalo ndi m'madimba, ndipo ana ambiri a m'makomboni oyandikana nawo anapezeka ndi mtovu wochuluka m'magazi. Zitsulo siziola monga mapesi. Zikalowa m'munda zikhalitsa.

ZIMENE ZINAONEKA KU JAPAN

Nzeru zambiri za kadimiyamu ndi mbewu zinachokera ku Japan, chifukwa kumeneko ndiko anthu anavutika naye koyamba poyera. M'chigawo cha Toyama muli mtsinje wa Jinzu, umene alimi anali kuthirira nawo minda ya mpunga, monga momwe alimi a ku Hara, Wovwe ndi Lufilya athirira yawo. Kumtunda kwa mtsinjewo kunali mgodi wa zinki wa Kamioka. Kwa zaka zambiri madzi a ku mgodi anatsikira m'mindamo, mpunga numwa kadimiyamu, anthu nadya mpungawo.

Odwala ambiri anali amayi achikulire amene anabereka ana angapo. Impso zawo zinaonongeka, mafupa nafewa kotero kuti ena anathyoka nthiti pongotsokomola. Matendawo anatchedwa itai-itai, ndiko kunena kuti "kuwawa, kuwawa", chifukwa cha kulira kwa odwalawo. Dokotala wa kumudzi komweko, Noboru Hagino, ndiye analimbikira kufufuza, ndipo mu 1961 analoza kadimiyamu kuti ndiye gwero. Boma la Japan linavomereza mu 1968. Kukonza minda kunayamba mu 1979 ndi kutha mu 2012. Anachita kuchotsa kapena kukwirira dothi loipa ndi kuthira lina pa mahekitala 863.

Ntchito yotere idya ndalama zambiri ndi zaka zambiri. Ndicho chifukwa chake akatswiri anayamba kufunsa funso lina: kodi palibe mbewu imene ingakane yokha ululu umenewu?

MUNDA UMODZI, ZOKOLOLA ZOSIYANA

Anthu a ku Japan adya soya kwambiri, ndipo nthawi zambiri amubzala m'minda imene kale inali ya mpunga. Akatswiri atabzala mitundu yosiyanasiyana pa dothi limodzi, anaona chodabwitsa. Mtundu wotchedwa Enrei unabereka njere za kadimiyamu wochepa, pamene Harosoy ndi Suzuyutaka zinabereka njere za kadimiyamu wambiri. Dothi linali limodzi, madzi amodzi, feteleza mmodzi. Chosiyana chinali mtundu wa mbewu basi.

Woweta ng'ombe wa ku Mlare sangadabwe nazo zimenezi. Iye adziwa kuti thole litengera kwa makolo ake mtundu wa ubweya, linunda ndi kaimidwe ka nyanga, ndi kuti ng'ombe ziwiri zodya dambo limodzi sizipatsa mkaka wofanana. Mbewu nazonso zili ndi chibadwa chake.

MLONDA WA KU MIZU

Funso lotsatira linali lakuti, kodi kusiyanaku kuchitikira pati, ku mizu, ku masamba kapena m'makoko? Pofuna yankho, akatswiri a ku Japan anachita chimene alimi a zipatso achidziwa bwino, ndiko kumezanitsa. Monga momwe mlimi alumikizira nthambi ya mango a mtundu wina pa tsinde la mango a kumudzi, iwo analumikiza msonga za soya wa mtundu wina pa mizu ya mtundu wina. Zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2007. Njere zinatsata mizu. Msonga ya mtundu uliwonse, ikakhala pa mizu ya mtundu wotsekereza, inabereka njere za kadimiyamu wochepa, ndipo ikakhala pa mizu ya mtundu wolekerera, njere zake zinali ndi wambiri.

Apa panaoneka kuti ku mizu kuli mlonda. Kadimiyamu alowa m'mizu ya mitundu yonse, koma mu mtundu wabwino mlondayo amugwira namutsekera m'tizipinda ta m'mizu momwemo, kuti asakwere ndi madzi opita ku masamba ndi ku makoko. Mu mtundu winawo mlonda ndi wofooka, ndipo ululu udutsa.

CHILEMBO CHIMODZI CHOKHA

Malangizo onse a chibadwa cha mbewu analembedwa m'kati mwa thupi lake, pa kaulusi kotchedwa DNA, ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Mu soya, malangizowa anamangidwa m'timitolo tapawiri 20, totchedwa makromozomu. Mu 2010 akatswiri anatsiriza kuwerenga malangizo a soya, napeza kuti alipo oposa 46,000.

Chaka chomwecho cha 2010, magulu awiri a akatswiri anapeza malo a mlonda uja. Ku Canada anakwatitsa mtundu wa AC Hime, wotenga kadimiyamu wambiri, ndi Westag-97, wotenga wochepa. Ku Japan anakwatitsa Harosoy ndi Fukuyutaka. Atapima zidzukulu za mbewuzo, onse awiri analoza malo amodzi, pa kamtolo ka nambala 9. A ku Canada anawatcha Cda1, a ku Japan cd1. Mu 2012 kunadziwika kuti pamalopo pali langizo lotchedwa GmHMA3, limene lipanga kapampu konyamula zitsulo m'mizu, ndi kuti mtundu wotsekereza usiyana ndi wolekerera pa chilembo chimodzi chokha.

Wina angafunse kuti chilembo chimodzi chingasinthe bwanji zinthu zazikulu chotere. Koma wodziwa kuwerenga adziwa kuti mbuzi ndi mbozi zisiyana chilembo chimodzi, pamene china ndi chuma cha m'khola, china ndi mdani wa m'munda. Chimodzimodzi, chilembo chimodzi chikasintha, kapampu kaja kapangika molakwika, ndipo sikagwira ntchito yake mokwanira.

Phindu la kudziwa zimenezi ndi lalikulu. Kale, wofuna kusankha mtundu wabwino anayenera kubzala pa dothi loipa, kudikira kukolola, ndi kupima njere. Tsopano angothothola katsamba ka mmera ndi kuona chilembo chija, ndipo m'masiku ochepa adziwa mbewu zoyenera kusunga. Angathe kukwatitsa mtundu wobereka kwambiri ndi mtundu wotsekereza ululu, nasankha ana okhala ndi zabwino zonse ziwiri. Pa ntchito imeneyi palibe chachilendo choikidwa mu soya. Khalidwelo lili kale mu soya mwini, ndipo akatswiri angolisankha, monga mlimi asankha ngala zabwino za mbewu ya chaka chamawa.

MPUNGA NDI TIRIGU

Alimi a ku Karonga, kwawo kwa mpunga wa Kilombero, angafune kudziwa ngati mpunga nawonso uli ndi mlonda. Uli naye. Mu 2010 akatswiri a ku Japan anapeza langizo la OsHMA3, limene litsekera kadimiyamu m'mizu ya mpunga. Mu 2012 ena anaonetsa mpunga umene khomo lake lolowera kadimiyamu, lotchedwa OsNRAMP5, linatsekeka, ndipo anautcha Koshihikari Kan No. 1. Mpunga umenewu sutenga kadimiyamu pafupifupi konse. Kuyambira mu 2025 chigawo cha Akita chinasinthira ku mtundu wa Akitakomachi R, umene unatengera khalidwe lomweli. Ku Canada anachita zofanana ndi tirigu wopangira makaroni, natulutsa mtundu wa Strongfield.

Koma pali phunziro lina. Khomo limene linatsekeka mu mpunga uja ndilo lolowera manganizi, amene mpunga uwafuna. Pa dothi losowa manganizi, mpunga wotere ugwidwa msanga ndi matenda a mawanga pa masamba. Akatswiri ayenera kusamala kuti potsekera mdani asatsekere ndi mnansi yemwe, makamaka zinki ndi ayironi, amene ana ambiri a dziko lino awasowa m'chakudya.

MBEWU YOKHA SIIKWANIRA

Mlonda wabwino achepetsa ululu, koma sauthetsa wonse. Dothi likakhala ndi kadimiyamu wochuluka kwambiri, ngakhale mtundu wabwino ungapyole malire. Ndipo khalidwe la dothi lili ndi mbali yake. M'dothi lowawasa, la asidi wambiri, kadimiyamu asungunuka nalowa m'mizu mosavuta. Laimu achepetsa asidi, namangirira kadimiyamu ku dothi. Manyowa ofutsa bwino nawonso amugwira. Dothi losowa zinki lichititsa mizu kutsegula makomo kwambiri, ndipo mdani alowerapo. Feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn ali ndi zinki m'kati mwake.

M'munda wa mpunga, madzi akakhala odzaza nthawi imene mpunga uli kutulutsa ngala, kadimiyamu samasuka kwambiri. Koma munda womwewo ukauma nubzalidwa soya kapena nyemba, iye amasuka. Aseniki achita mosiyana, pakuti amasuka m'munda wodzaza madzi. Chotero langizo la munda wina silingakhale la munda uliwonse.

KODI KU KARONGA ZILI BWANJI?

Boma la Karonga lili ndi migodi. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera, pa msewu wopita ku Chitipa, unatsegulidwa mu 2009 ndi kampani ya Paladin, unaima mu 2014 mitengo itagwa, unagulidwa ndi Lotus Resources mu 2020, ndipo unayambanso kutulutsa yureniyamu mu 2025. Malasha anakumbidwa ku Mwabulambo kufikira mu 2015, ndipo migodi ina ya malasha ili m'mapiri a Karonga ndi Rumphi. Anthu okhala kumunsi kwa mitsinje ali ndi ufulu wofunsa za madzi ndi dothi lawo.

Koma kukhalapo kwa mgodi sikutanthauza kuti minda yonse yaonongeka, ndipo migodi ya yureniyamu ndi malasha si yofanana ndi ya zinki ya ku Kamioka kapena ku Kabwe. Pali nkhani yolimbitsa mtima. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017, amene anapima mpunga wa m'minda ndi m'misika ya madera ambiri a Malawi, anapeza kuti kadimiyamu, mtovu ndi aseniki zinali zochepa kwambiri. Palibe chifukwa choti mayi aleke kupatsa mwana phala la soya. Phalalo lili ndi zomanga thupi zimene chinangwa chilibe, ndipo mwana wodya bwino, wokhala ndi ayironi ndi zinki wokwanira, thupi lake litenga ululu wochepa.

Chimene chinganene zoona za munda uliwonse ndicho kupima. Dipatimenti ya Kafukufuku wa Zaulimi ili ndi malo opimira dothi ku Chitedze, ku Bvumbwe ndi ku Lunyangwa mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ku Karonga ili ndi siteshoni ya Baka. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndilo liyang'anira miyeso ya zakudya zogulitsa, pamene Malawi Environment Protection Authority iyang'anira za kuipitsa madzi ndi nthaka. Kupima dothi kwa masiku onse kuona asidi ndi chonde. Wofuna kudziwa za zitsulo zaululu ayenera kunena poyera kuti ndizo afuna.

Mitundu ya soya yodziwika m'dziko muno ndi monga Tikolore, Makwacha ndi Nasoko. Tikolore anatulutsidwa mu 2011 ndi akatswiri a ku Chitedze mogwirizana ndi bungwe la IITA, chifukwa acha msanga ndi kubereka bwino. Soya abereka ndi mungu wa duwa lake lomwe, chotero khalidwe la mtundu silisintha msanga. Chimene chiononga ndicho kusakaniza. Mbewu yogula pa mulu wa pa msika ilibe dzina, ndipo tsiku limene alangizi adzanena kuti mtundu wakuti ndiwo woyenera dothi lakuti, mlimi wosadziwa dzina la mbewu yake sadzathandizika. Ndiponso kumalo otentha a m'mbali mwa nyanja, mbewu ya soya yosungidwa nthawi yaitali siimera bwino.

ZOYENERA KUCHITA

1. Mlimi abzale mbewu yovomerezeka, yokhala ndi dzina pa paketi, ndipo asunge dzinalo m'kabuku. Asasakanize mitundu.

2. Asalime zakudya pa dzala la kale, pamalo othyolera mabatire, kapena pamalo otayira zinyalala za ku mgodi.

3. Mabatire akutha asatayidwe m'dimba, m'khola, m'dzenje la manyowa kapena m'nyanja, ndipo asaotchedwe. Ana asaseweretse makala a m'kati mwake.

4. Phulusa la malasha lisathiridwe m'munda ngati manyowa.

5. Madzi osefukira akasiya matope a mtundu wachilendo m'munda, kapena madzi a mu mtsinje akasintha mtundu, a mfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi adziwitsidwe msanga, kuti nkhani ifike ku ofesi ya zaulimi ndi ya zachilengedwe pa Boma.

6. Makalabu a alimi apemphe Mlangizi kuti awathandize kutenga dothi ndi kulitumiza kokapima. Dothi likapezeka lowawasa, athire laimu pa muyeso umene Mlangizi adzanena.

7. Soya aumitsidwe pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi kapena pamphepete pa msewu, ndipo apetedwe bwino asanapite ku chigayo.

8. Amayi asinthesinthe zakudya za ana: phala la soya, usipa, masamba, mtedza, mazira ndi zipatso.

Mlimi wa ku Mlare amene afuna kuyamba soya chaka chino apite kwa Mlangizi mvula isanagwe, atanyamula mafunso awiri: dothi la munda wake ndi lotani, ndipo mbewu imene ali kugula ndi ya mtundu wanji. Safunsa anadya phula.